Mashafiti a pa Khoma la Che Idrissa

Ngati munayendapo ku Biwi, ku Kawale kapena ku Area 23 cha m'ma 2008, mwina munamuonapo mkulu wina wamtali, wovala kachipewa koyera ka Chisilamu, atagwada m'mbali mwa msewu n'kumasuzumira kunsi kwa galimoto ya munthu wosamudziwa. Ena ankati ndi wakuba, ena ankati mutu sukuyenda bwino. Mayi wina pa msika wa ku Kaliyeka anachita kumuthira madzi otsukira mbale. Mkulu ameneyo ndi Che Idrissa, makaniko, ndipo mutu wawo unali bwino kuposa wa onse amene ankawaseka. Ndikunena ndine Leston, wowotcherera zitsulo, amene ndagwira ntchito moyandikana nawo ku Biwi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, pakati pathu pali mpanda wa malata basi.

Che Idrissa anachokera kumapiri a kwa Tambala ku Dedza. Anabwera m'tauni ndevu zisanamere, n'kuphunzira ntchito pa magalimoto akuluakulu onyamula fodya. Pomwe ankatsegula galaja yawoyawo anali atatchuka kale ndi khutu. Galimoto inkati ikamalowa pageti, iwo ali chogwada cha uko akusamba m'manja, ankanena matenda ake mwini wake asanatsike n'komwe. Mowa sankamwa, kutukwana sankatukwana. Ine zonse ziwirizi ndimachita, ndiye sindikudziwa kuti tinagwirizana bwanji. Iwo ankanena kuti kuwotcherera kwanga n'kolimba koma n'konyansa ngati chipsera cha moto, ine n'kumawayankha kuti chitsulo sichipita ku ukwati.

Kuti mumvetse zimene zinachitika, ndikuuzeni kaye za mashafiti. Galimoto zazitali zija timazitcha za fowilo zimakoka ndi matayala onse anayi, chifukwa kunsi kwake kuli zitsulo ziwiri zazitali. Shafiti imodzi imapereka mphamvu ku matayala akumbuyo, inayo ku matayala akutsogolo. Mukachotsa yakutsogolo, galimoto imayendabe bwinobwino pa phula, palibe angadziwe. Koma ikalowa m'matope, matayala akutsogolo amangokhala phee, kuonerera anzawo akuvutika.

Zaka za m'ma 2000 zitangoyamba, galimoto zakale za ku Japan zinasefukira mu Lilongwe. Aliyense amene wapata pang'ono ankafuna yaitali, yoti akatsika anthu atembenuke. Koma anthu akewo ulendo wawo unali wa kunyumba, kuntchito, kumowa, basi. Mafuta atayamba kukwera, kunabuka mphekesera yoti ukachotsa shafiti yakutsogolo galimoto imasiya kumwa. Kaya n'zoona kaya n'zabodza, ine si makaniko. Ena shafitiyo ikangoyamba kugogoda kunsi, ankangonena kuti, "Ingochotsani madala, ine kumudzi sindipitako." Amakaniko ambiri ankachotsa n'kugulitsa. Che Idrissa ankachotsa nawo, koma kugulitsa chinthu cha mwini ankati n'kuba. Ankalemba nambala ya galimoto pa shafitiyo ndi penti woyera, kumangirira mabawuti ake m'kathumba ndi waya, n'kuipachika pakhoma la galaja.

"Mwini wake adzaifuna," ankatero.

Palibe ndi mmodzi yemwe anabwerera. Pofika 2007, pakhomapo panali mashafiti makumi awiri ndi atatu. Mphepo ya mvula ikawomba ankagundana, ngwee, ngwee, pang'onopang'ono. Phokoso limenelo sindinkalikonda, ngakhale nthawi imeneyo sindikanatha kunena chifukwa chake.

Che Idrissa anali ndi ana atatu. Anyamata awiri anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Anatsala ndi Zulaikha, mwana wamkazi, amene ndinamuona akukula, akubweretsera bambo ake tiyi m'botolo. Mwana ameneyu ndiye anali mtima wawo. Anakwatiwa ndi Anwar, telala wa ku Kawale wosoka mayunifolomu a sukulu, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ulemu umene ankapereka kwa apongozi ake unali wachikale. Akawaona akubwera, ankapatuka m'njira, kuima pambali manja ali kumbuyo. Sindinamuonepo akuwayang'ana m'maso.

Zulaikha atatenga mimba yoyamba, a kusikelo anamuuza mosabisa kuti mwana sanagone bwino, ndipo asayerekeze kuchirira kwina kulikonse koma kuchipatala chachikulu, kumene angamuchite opaleshoni. Onse anamva. Koma mu Disembala, mayi ake, a Karima, anamutenga kupita naye kumudzi kwawo ku Dedza ku litiwo, mwambo umene amayi a Chiyao amalangizira mtsikana wa mimba yoyamba. Anati milungu iwiri yokha. Mvula ya chaka chimenecho sinafunse za milungu iwiri. Inakokolola kamlatho ka pa mtsinje wa kumudziko, matola anasiya kufikako, ndipo Januwale anawapeza ali komweko, mimba ikulowa mwezi wachisanu ndi chinayi.

Kumudziko foni inkagwira pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa mzikiti. Lachitatu lina a Karima anakwera pachulupo n'kuimba. Mawu ankaduladula, koma zimene zinamveka zinali zokwanira: miyendo yatupa, msana wayamba kupweteka, bwerani mudzamutenge.

Anwar anali kale ndi maganizo ogula galimoto yoperekera mayunifolomu m'sukulu za kumidzi. Tsopano nkhani inasintha, inafunika galimoto yoti iwoloke mtsinje wopanda mlatho n'kubwera ndi mkazi wake wamoyo. Koma kupempha apongozi maso ndi maso kunamukanika. Anabwera kwa ine, n'kuima patali ndi moto wanga.

"A Leston, mundilankhulireko kwa bambo. Ine za galimoto sindizidziwa. Akandisankhire yoti ikafike."

"Iwe, bambo akowo ali kuseri kwa lata ili. Akukumva."

"Ayi, mundilankhulire ndinu."

Kuseri kwa mpanda kunamveka chifuwa. Kenako mawu: "Auzeni akamwini kuti Lachisanu tikatuluka ku mzikiti."

Tinapita kwa Flywell, wogulitsa galimoto zakale pa kabwalo kena komweko ku Biwi. Flywell ndi munthu woti akhoza kukugulitsa nsapato zako zomwe, iwe n'kuthokoza. Tsiku limenelo mvula inali itagwa m'mawa, pabwalo pali matope osakanikirana ndi oyilo wakuda. Kumwamba cha ku Bunda kunali bii, kunja kuli chete, kotentha moipa. Che Idrissa anabwera molunjika kuchokera kokapemphera, atavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu, wositidwa bwino. Anwar ankatsatira kumbuyo, mapazi asanu.

Galimoto za fowilo zinalipo zitatu. Flywell anathamangira pa yasiliva, yonyezimira, yokhala ndi kawayilesi ka kanema kolankhula Chijapani.

"Iyi ndiye nyatwa, madala. Otomatiki. Akazi anu adzangokhala ngati ali pa sofa."

Che Idrissa anali ndi njira yawo yoyezera. Anatola botolo la zakumwa, kulipereka kwa Flywell kuti aliimike kunsi kwa galimoto, pamalo otsika kwambiri. Botolo linakana kuima.

"Iyi mimba yake idzakhala pa mwala woyamba," anatero. "Ndi ya ku ukwati."

Yachiwiri inali yaikulu, yakuda, ya petulo. Botolo linaima. Koma iwo anatsegula boneti, kuloza pamene injini imakokera mpweya, pansi kwambiri, kuseri kwa nyale.

"Madzi akafika m'mawondo, iyi imwa. Ikamwa yafa. Ndiponso petulo ndi madzi sizimvana, mawaya akanyowa mwagona pomwepo."

Yachitatu inali kumapeto, pafupi ndi chimbudzi. Yoyera, penti wake watsopano koma wopakidwa mwachangu, mipando yong'ambika, yooneka ngati bokosi. Ya dizilo, magiya a pamanja. Nkhope ya Che Idrissa inamasuka. Botolo linaima n'kutsala malo. Anakanikiza matayala ndi chala, kuyang'ana mano ake. Anakankha galimotoyo pakona kuti aone mmene ikudzukira. Anauza Flywell kuti alize injini, iwo n'kutseka maso, mutu atapendeketsa. Anapita kumbuyo kukanunkhiza utsi. Kenako anakwera, kugwira kagiya kakang'ono ka pambali pa giya yaikulu, kamene kamalowetsa fowilo, n'kukakoka. Padashibodi panayaka kanyale kobiriwira, kojambulidwa matayala anayi.

"Akamwini," anatero osatembenuka, "galimoto ya kutchire simuyang'ana nkhope. Muyang'ane msinkhu, mano a matayala, pamene ikupumira, ndi kagiya aka. Ndi iyi."

Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo mpaka lero ndimati pa zitatu zija anasankha mtundu woyenera. Koma panatsala chinthu chimodzi. Zaka zonse zimene ndawadziwa, Che Idrissa sanavomerezepo galimoto asanagone chagada kunsi kwake ndi tochi. Ankati galimoto imanama pamwamba, kunsi siinama. Tsiku limenelo ndinawaona akuyang'ana pansi, pa matope akuda aja. Anayang'ana mkanjo wawo. Kenako anaponya diso kwa Anwar, amene anaima pambali manja ali kumbuyo. Munthu wamkulu kugaagaa m'matope, miyendo ili m'mwamba, pamaso pa mkamwini, kwa iwo chinali chinthu chosayenera.

Flywell, amene amanunkhiza kukayika kwa munthu ali patali, analowererapo.

"Aaa, madala awa safunika kugona pansi ngati amakaniko a dzana. Awa ndi dokotala, amangomva ndi khutu. Biwi yonse ikudziwa."

Che Idrissa anamwetulira pang'ono. Anwar ndinamuona akutsegula pakamwa, n'kutsekanso. Nayenso ankadziwa mwambo wa apongozi ake, koma akanayamba bwanji kuwauza kuti bambo, simunagone pansi? Ndipo ine, amene ndinali mu ovololo yakuda kale, ndikanatha kulowa kunsiko osataya kalikonse. Sindinalowe. Ndinaopa kuoneka ngati ndikukayikira mnzanga pamaso pa mkamwini wake. Anthu atatu akuluakulu, aliyense akusunga ulemu wa mnzake. Zimandipsetsa mtima mpaka pano.

Pochoka ndinazungulira kumbuyo kwa galimotoyo. Pa chitsulo chogwira tayala la sipeya panali powotcherera pokhuthala, ponyansa, penti atangopaka pamwamba.

"Onani Che Idrissa," ndinatero, "kuli winanso wowotcherera monyansa ngati ine."

Tinaseka tonse. Kutali kunagunda bingu.

Anwar ananyamuka Loweruka m'mamawa, yekha, kuti malo akumbuyo akhale a mkazi wake ndi apongozi aakazi. Kuyendetsa ankadziwa pang'ono, ndipo Che Idrissa anamuonetsa kawiri konse mmene angakokere kagiya kaja akafika pa matope. Kumwamba kunali kotseka koma sikunagwe kanthu. Tinati zayenda.

Cha m'ma naini mphepo inayamba. Inabwera yozizira, yonyamula mapepala ndi fumbi la makala, kenako mvula inakhuthuka. Ndinazimitsa makina anga n'kuthawira mu galaja ya Che Idrissa. Tinakhala pa benchi tikuyang'ana madzi akuthamanga mumsewu. Kumbuyo kwathu mashafiti anayamba kugundana. Ngwee. Ngwee.

Sindikudziwa ngati linali phokosolo, koma powotcherera paja panabwerera m'mutu mwanga. Dzanja langa ndimalidziwa. Pomaliza kuwotcherera ndimakhotetsa kumanzere, kusiya kamchira. Paja panali kamchira. Ndipo ndinakumbuka: chaka cha 2003, bambo wina wamimba yaikulu wa ku Area 25, mwini malo omwera mowa, anagunda chipilala cha geti pobwerera m'mbuyo. Galimoto yake inali yobiriwira, yooneka ngati bokosi. Ine ndinawotcherera chogwira tayala. Ndipo tsiku lomwelo, ine ndikuwotcherera kumbuyo, kutsogolo kunali miyendo ya munthu itatulukira kunsi.

Ndinatembenukira kwa mnzanga.

"Che Idrissa," ndinatero, "galimoto ija inayamba yabwerapo pano. Inali yobiriwira."

Sanafunse kuti ukutanthauza chiyani. Anadzuka, kupita pakhoma, n'kuyamba kutembenuza mashafiti imodziimodzi, akuwerenga manambala ndi milomo yokha. Pa ina anaima. Anaigwira ndi manja awiri ngati ikufuna kuthawa.

Tinathamanga mumvula mpaka kwa Flywell. Tinamupeza atabisala m'galimoto yasiliva ija. Poyamba anafuna kuzemba, koma Che Idrissa anamuonetsa nambala ya pa shafiti, ndipo Flywell anatulutsa mapepala. Galimotoyo anaigula kwa mayi wamasiye wa ku Area 25, kuipaka penti, kusintha nambala kuti ioneke yatsopano. Nambala yakale inali pa pepala, yofanana ndi ya penti woyera.

"Koma madala, kanyale kanayaka! Munaona nokha!"

"Kanyale kamangodziwa kuti giya yalowa," anatero Che Idrissa, mawu ali pansi. "Sikadziwa kuti kunsi kulibe kanthu."

Flywell sankadziwa, zimenezo ndikumuikira umboni. Munthu uja sanagwadepo pansi pa galimoto chibadwire.

Tinaimba foni ya Anwar. Sikupezeka. Ya a Karima. Sikupezeka. Tinaimbanso, ndi kuimbanso. Che Idrissa anatenga sipanala ziwiri, jeke yaing'ono ndi tochi, kuziika m'thumba n'kundipatsa. Shafiti anaisenza okha paphewa. Sanandipemphe kuti nditsagane nawo, ndipo ine sindinafunse.

Mu minibasi ya ku Dedza shafitiyo inagona pamiyendo yathu. Kondakitala anayesa nthabwala, kuti madala mwanyamula mfuti yanji, koma ataona nkhope zathu anasiya. Mvula inatiperekeza njira yonse. Mitsinje imene tinkadutsa inali yofiira, yodzaza mpaka m'minda, itanyamula mapesi ndi nthambi. Pa Linthipe tinatsika n'kukwera lole ya mbatata imene inatisiya pa sitolo zomaliza. Dalaivala anati kupitirira apo ayi, ngakhale mutandipatsa ng'ombe. Inali itakwana wani koloko.

Tinayamba kuyenda pansi. Msewu wake unali dothi lofiira loterera, lokakamira ku nsapato mpaka phazi kulemera. Che Idrissa anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo shafiti si ndodo. Katatu ndinati ndilandireni, katatu anapukusa mutu. Phewa la malaya awo linasanduka lofiira, dzimbiri kapena magazi, sindinafunse. M'malo ena, pamene madzi sanakokolole, tinkaona mapazi a matayala. Anali a ulendo umodzi wokha, wopita.

Tinakumana ndi bambo wina atafunda thumba la feteleza kumutu.

"Galimoto yoyera? Inadutsa m'mawa, mvula isanayambe. Inkayenda bwinobwino."

"Yabwerera?"

"Ayi. Koma ndamva kuti kumtsinje kuli anthu."

Che Idrissa anawonjezera liwiro. Ndinamva akunong'ona mapemphero m'chinenero chimene sindichidziwa. Ine ndinali ndi pemphero limodzi lokha, lachidule: tikaipeze itayang'ana kumudzi. Ikayang'ana kumudzi ndiye kuti Zulaikha akadali m'nyumba, pouma, pali azamba. Ikayang'ana kuno ndiye kuti ali m'katimo.

Cha m'ma folo tinafika pamwamba pa chitunda, mtsinje uli m'munsi. Galimoto inali itawoloka madzi, n'kutitimira pa chikweza chotulukira kumtsinjeko. Inayang'ana kwa ife.

Amuna oposa khumi anaizungulira, matope mpaka m'chiuno. Anali atayesa kukankha, kuika miyala, nthambi, ngakhale ng'ombe ziwiri za ngolo zimene tsopano zinangoima pambali zikunjenjemera. Matayala akumbuyo anali atakumba maenje mpaka galimoto kukhala pansi. Akutsogolo anali pa nthaka yolimba, pamiyala, osakumba ngakhale pang'ono, mvula itawatsuka. Ku chitseko chakumbuyo amayi anayi anatambasula zitenje kutchinga. Kuseri kwa zitenjezo kunkamveka mawu amene sindifuna kuwamvanso, otsika, otopa, a munthu amene analira kale mpaka kulira kunatha.

Anwar anabwera kudzatichingamira. Telala waukhondo uja sankadziwikanso. Ngakhale pamenepo, anaima pambali pa njira.

"Bambo," anatero, "ndakoka kagiya monga munandiuzira. Kanyale kakuyaka. Kuyambira leveni koloko kakuyaka. Kaya ndalakwitsa pati."

Kenako anaona chimene chinali paphewa pa apongozi ake. Anaona nambala ya penti woyera, ndipo dzanja la Che Idrissa ankalidziwa, chifukwa ndi lomwe linalemba chikwangwani cha shopu yake. Anayang'ana shafiti, kuyang'ana galimoto, n'kuweramitsa mutu.

A Karima anasuzumira pamwamba pa chitenje. "Matenda anayamba m'bandakucha," anatero. "Dzanja la mwana ndi limene latsogola. Chitani chimene mwabwerera."

Che Idrissa anavula kachipewa kawo n'kundipatsa. Anauza amuna aja kuti akumbe pambali, tinaika jeke pa mwala, galimoto inadzuka pang'ono. Kenako mkulu uja anagona chagada m'matope, pamaso pa mkamwini, pamaso pa amayi a kwawo kwa mkazi wake ndi mudzi wonse, n'kudzikoka kulowa kunsi. Madzi ankawadutsa m'khosi. Ine ndinagona pambali ndi tochi, ndikuwapatsira mabawuti kuchokera m'kathumba kaja anamanga ndi waya zaka zinayi zapitazo. Onse asanu ndi atatu analimo, opakidwa girisi. Pamwamba pathu, kupyola chitsulo cha pansi pa galimoto, tinkamva mwana wawo akubuula.

Sizinatenge ngakhale theka la ola. Anatuluka, kukhala pa chiwongolero ali chonchobe, madzi akuchucha, n'kuliza injini. Anakoka kagiya. Kanyale kanayaka, monga kankayakira tsiku lonse. Matayala akutsogolo anagwira miyala, galimoto inagwedezeka kamodzi, n'kukwera chikweza chija ngati ikuyenda pa phula. Anthu anakuwa mokondwa. Maola asanu, pa chinthu chimene chinatenga kanthawi kochepa chonchi.

Msewu wonse woipa uja galimoto sinaimenso paliponse. Inadutsa m'maenje, m'madzi, pa miyala, monga Che Idrissa ananenera kwa Flywell. Tinafika kuchipatala chachikulu dzuwa litangolowa, anamwino anathamanga naye. Tinadikira pa khonde, matope akuuma pathupi.

Zulaikha anapulumuka. Mwana anali wamwamuna, ndipo sanalire. Namwino amene anatuluka kudzatiuza sanadzudzule aliyense. Anangoti, "Mukanafika masana." Mwanayo anamuika m'manda m'mawa mwake, kansalu koyera kakang'ono, Anwar atakanyamula m'manja.

Ndinkayembekeza kuti pakhala mawu. Kwathu kukanakhala kulozana zala, mwina ukwati kutha kumene. Koma Anwar sanatchulepo za shafiti, kwa mkazi wake kapena kwa wina aliyense. Anthu akamufunsa za galimoto yake amati, "Anandisankhira ndi bambo. Ndi yolimba kwambiri." Akakumana nawo amapatukabe m'njira, manja kumbuyo. Ndikuganiza kuti akanawatukwana kamodzi kokha, mkulu uja zikanamupepukira.

Patatha sabata, Che Idrissa anakopera manambala onse a pakhoma pa katoni, makumi awiri ndi awiri otsalawo, n'kuyamba kuyenda. Ndiko kugwada kuja munkakuona. Ankayamba ndi eni ake akale, koma galimoto za m'tauni muno zimasintha manja, penti ndi nambala, ndiye anangoyamba kusuzumira kunsi kwa iliyonse yaitali imene waipeza itaima. Akapeza yopanda shafiti, ankadikira mwini wake, ngakhale maola atatu, n'kumupempha kuti abwere ku Biwi adzaibwezeretse ulere. Ena ankabwera. Ena ankawathamangitsa. Ina anaipeza ku Chinsapo, mpingo wina utaigula kuti izinyamula odwala kumidzi, abusa ake osadziwa kanthu. Tsiku limenelo atabwerako sanadye.

Kuchotsa shafiti anasiyiratu. Munthu akabwera ndi pempho limenelo, amamuonetsa geti. Pakhoma patsala asanu ndi awiri, ndipo mitambo ikayamba kuda cha ku Bunda, amaima n'kumawayang'ana. Ndinawauzapo kuti tiwamange ndi chingwe asamagundane. Anakana.

Galimoto yoyera ija ilipobe. Mwezi uliwonse Anwar amabwera nayo, ngakhale ilibe vuto, chifukwa apongozi ake anatero. Amaiimika pakati pa galaja n'kukaima pageti, manja kumbuyo. Che Idrissa amayala katoni, kaya avala ovololo kaya mkanjo wa Lachisanu, n'kulowa kunsi ndi sipanala. Kuchokera kwanga ndimangoona mapazi awo. Amakhalitsa kumeneko, ndipo sipanala siimveka. Ndikaona choncho ndimayatsa makina anga n'kuyamba kudula chitsulo chilichonse chimene chili pafupi, kuti mkamwini asamve kulira kwa apongozi ake.